Mau kwa Makolo: Tchuthi Chachikulu ndi Ana Olumala

Makolo okondedwa a ku Nambuma ndi midzi yozungulira, mwezi uno tikambe za ana amene saoneka kawiri-kawiri pa bwalo: osaona, osamva, opunduka miyendo, ndi iwo amene nzeru zao zichedwa kugwira. Sukulu zitseka m'mwezi wa Julaye, nizitsegulanso m'Sepitembala. Kwa mwana wamphamvu nyengo imeneyi ndiyo ya mpira ndi kusaka mbewa m'minda. Kwa mwana wolumala iri nyengo ya kuiwala.

Kuiwalako kudza motere. Mwana wosaona awerenga ndi nsonga za zala, natsata timadontho 6 timene anakonza Louis Braille wa ku France, amene anasindikiza njira yache m'chaka cha 1829. Zala zikakhala mwezi wathunthu zosakhudza pepala lotere, zifooka monga dzanja limene laleka khasu. Mwana wosamva wochokera ku sukulu ya ku Mua afika pa khomo pamene palibe wodziwa kulankhula ndi manja, ndipo akhala chete kufikira tsiku lobwerera. Nayenso wochedwa kugwira nzeru, amene anapeza zilembo ndi thukuta, pofika Sepitembala ayambiranso pachiyambi, pamene anzache apita patsogolo.

Ku America anachiona chimenechi. Lamulo lao la chaka cha 1975 lipatsa mwana ali yense wolumala maphunziro aulere. Aphunzitsi ndi makolo akaona kuti mwana ataya zambiri pa tchuthi, nachedwa kuzipezanso, sukulu iyenera kumphunzitsa ngakhale pa tchuthipo, makolo osalipira kanthu. Ndipo si zonse zinayamba ndi boma iai. M'chaka cha 1962 mai wina, Eunice Kennedy Shriver, anaitana ana ochedwa nzeru kudzasewera pa bwalo la nyumba yache ku Maryland m'nyengo ya tchuthi. Pa chiyambi chimenecho panabadwa masewero a Special Olympics, amene anachitika koyamba ku Chicago m'chaka cha 1968, ndipo anafika ndi kuno kwathu.

Kwathu kuno sukulu za pulaimale ziri zaulere chiyambire 1994. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 ali onse a zaka 5 ndi mphambu, mmodzi ali ndi chilema china. Lamulo loteteza olumala linaikidwa m'chaka cha 2012, ndipo lina linalowa m'malo mwache mu 2024. Aphunzitsi a ana otere aphunzira nchito yao ku Montfort, ku Nguludi. Ana osaona alandiridwa ku Malingunde ndi ku Chilanga ku Kasungu. Zonsezi nzabwino, koma malowo ngochepa ndiponso ali kutali, ndipo pa tchuthi ana abwerera kwao. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidzaphikira mwana phala pano. Chifukwa chache sukulu ya pa tchuthi, ikati ikhalepo, tiyenera kuisenza tokha.

Musaope mtengo wache, pakuti zofunika ziri zinai zokha. Choyamba ndi chipinda, ndipo zipinda za sukulu zingokhala zotseka nyengo yonseyo. Tingozipempha kwa mphunzitsi wamkulu. Chachiwiri ndi mphunzitsi wodziwa ana otere, amene ayenera kulandira kanthu ka sopo ndi ka ulendo. Chachitatu ndi phala, chifukwa mwana wanjala samva. Chachinai ndi njinga kapena ngolo yonyamula amene sakhoza kuyenda. M'mawa mokha, masiku atatu pa sabata, akwanira kuti zala ndi mitu zisaiwale.

Tapenyani nyengo yache. Tchuthi chimenechi chigwa pamene chimanga chiri m'nkhokwe, mtedza waswedwa, ndi fodya wapita ku msika wa ku Kanengo. Palibe mwezi wina umene mudzi uli ndi mphamvu yotere. Banja liri lonse likapereka mbale ya chimanga ndi kambale ka mtedza, phala lakwana. Amene anagulitsa bwino aonjezepo ndalama ya mphunzitsi. Mphakati usankhe anthu awiri osunga, mwamuna ndi mkazi, ndipo zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe poyera, pakuti chopereka chobisika chibala manong'onong'o. Ndiponso makolo afunse komiti ya sukulu, kuti pa ndalama zimene boma litumiza zokometsera sukulu, ana olumala apindulapo chiani.

Koma chovuta choposa ndalama ndi ichi: chipinda chitseguka, phala lipsa, ana osabwera. Ena abisidwa m'nyumba chifukwa cha manyazi. Ena makolo ao ati, adzaphunziranji wotere? Ena aopa kusekedwa pa njira. Akulu anati, lunga-lunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Malungo a mu ubongo, chikuku kapena ngozi ya pa mseu zikhoza kusandutsa mwana wa yense wa ife. Tsono manyazi achokera kuti?

Mantha ena ngoona, ndipo tiwayankhe ndi nchito. Mwana wachialubino asayende yekha. Wamkulu amperekeze popita ndi pobwera, atabvala chipewa ndi malaya a manja atali. Pamene pali atsikana pakhalenso mai wokhulupirika kufikira onse atapita. Wodwala khunyu abwere atamwa mankhwala ache, ndipo ana auzidwe kuti khunyu silipatsirana. Mwana wosamva adze pamodzi ndi mbale wache kapena amache, kuti iwonso aphunzire kulankhula ndi manja. Pamenepo sukulu idzalowa m'nyumba momwe.

Tisadikire tsiku lotsekera. Mwezi uno womwe mphakati uli wonse uyende khomo ndi khomo mwaulemu, ulembe maina a ana otere, nuwapereke kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa anyakwawa. Mukapeza ana atatu okha, yambani ndi atatuwo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo pamene belu lidzalira m'Sepitembala, mwanayo adzalowe m'chipinda ali nazo zonse zimene anatuluka nazo.