Zigawenga zinali mu ofesi

Mu March 2005 ku Britain kunatuluka Gizmondo, kachipangizo ka magemu kogwira m'manja, koti kalimbane ndi Nintendo ndi Sony. Nyambo yake inali gemu yotchedwa Colors: iwe ndi gulu lako la zigawenga, mfuti m'manja, kulandana madera, GPS ikuona pomwe waima. Kunena kwake, ukaima pa Mponela, deralo n'lako mpaka wina akulande.

Gemuyo sinafike m'sitolo. Tizipangizoto sitinagulidwe ngakhale 25,000, ndipo kumayambiriro kwa 2006 kampaniyo inagwa ndi ngongole za madola mamiliyoni ankhaninkhani. Mmodzi wa mabwana ake, Stefan Eriksson, anali atakhalapo kundende ku Sweden pa milandu ya chinyengo. Mu February 2006 anaphwanya Ferrari Enzo ku Malibu, galimoto n'kuduka pawiri. Chigawenga chenicheni chinali mu ofesi, aise.

Ndiye ife tiphunzira liti? Munthu akangofika pa boma la Dowa kapena ku Ntchisi atavala suti, ndi app yoti imachulukitsa ndalama, timaomba m'manja, ndalama ya soya n'kutumiza pafoni. Wofunsa mafunso timati ndi wansanje. Ayi, funsani! Chinthucho chili kuti? Anapindula nacho ndani? Bwanayu ankachita chiyani zaka zisanu zapitazo?

Gizmondo inali ndi sitolo pa Regent Street ku London, paphwando lake anaimba Sting. Zonsezo sizinabereke gemu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.