Lekani Kunamizira Mulungu

Achinyamata anzathu mwa Khristu, pali mawu amene tatopa nawo. Tsoka likangogwa, pamatuluka alaliki onena kuti Mulungu wakwiya, akulanga anthu chifukwa cha machimo awo. Tidawamva mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Anthu opitirira 600 adafa m'chigawo cha kummwera, mazana ena osapezeka. Tidawamvanso mu 2024, madzi a nyanja yathu atakwera n'kumeza magombe ndi nyumba, kuyambira ku Mangochi mpaka m'boma lathu lino la Nkhata Bay. Ife tikuti limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lopha chiyembekezo.

Kodi makanda amene adakwiririka m'matope aja adachimwa chiyani? Kodi ife a ku Usisya tidapulumuka Freddy chifukwa ndife oyera mtima kuposa abale athu a ku Phalombe? Nafenso tikukhala pakati pa phiri ndi nyanja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambuye Yezu adauyankha kale mlanduwu. Pa Luka 13 timamva za nsanja ya ku Siloamu imene idagwera anthu 18. Yezu adakana kuti anthuwo adali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo za kutembenuka mtima adauza amoyo amene ankamumvawo. Abwenzi a Yobe nawo adaumirira kuti mnzawoyo akuvutika chifukwa cha tchimo, koma pa mutu 42 Mulungu adadzudzula iwowo.

Tangoganizani: mayi wotaya ana mukamuuza kuti wamukantha ndi Mulungu, athawira kwa yani? Mulungu amene timampembedza ndi uja adakhomedwa pamtanda wopanda tchimo. Masiku a Freddy tidamuona mwa achinyamata okumba matope ndi makasu pofunafuna anansi awo, m'matchalitchi ndi m'masukulu mosungira osowa pokhala, m'thandizo la CADECOM, ndi m'pemphero la Papa Francis pa 15 Marichi chaka chomwecho.

Chiyembekezo chotere chili ndi ntchito. Msewu wochokera ku Mzuzu umavuta nthawi ya dzinja, choncho tsoka likatigwera, oyamba kufika tidzakhala ife eniake. Tiyeni m'miphakati mwathu tidziwiretu agogo ndi olumala amene sangathe kuthawa okha. Tibzale mitengo m'mapiri amene tikuwameta mpala, ndipo tisamange nyumba pamene madzi adafikapo kale.

Wina akadzaima pamaliro n'kunena kuti ichi n'chilango, tisadzakhale chete. Tidzamutsegulire Luka 13 mwaulemu, kenaka tidzampatse khasu atithandize.

Ambuye, tipatseni mtima wolira ndi olira, ndi manja osatopa. Amen.