ZA M'BANJA: MWANA WOPUMIRA PAKHOSI

Mwezi uno tikambe za mwana amene madotolo amboola pakhosi, naikapo kampope kakuti azipumirapo. Dzina la nchito imeneyi ndi tracheotomy. Kale ana ambiri anali kuwaboola cifukwa ca nthenda ya diphtheria, imene katemera waicepetsa. Masiku ano amboola mwana pamene njerewere zamera m'kholingo, kapena anabadwa ndi kholingo lopapatiza, kapenanso wakhala nthawi yaitali pa makina opumira.

Ku Lilongwe ana otere awasamala pa cipatala cacikuru ca Kamuzu Central, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1977. Munthu wokhala ku Area 3 ali pafupi naco, ndipo mwina ali ndi galimoto pakhomo. Komatu kampope kakatsekeka ndi makhololo, ubongo wa mwana uyamba kuonongeka pakangopita mphindi 4 kapena 5 wopanda mpweya. Ngati wa ku Area 3 sangathe kufika m'nthawi yace, nanga ife a kumudzi, oyenda pa njinga? Cifukwa cace titi: wopulumutsa mwanayo ndiye amene ali naye pa nthawiyo.

Musaope kuti nchitoyi iyenera anthu acuma okha. Ku Cape Town, pa cipatala ca ana ca Red Cross, kuyambira caka ca 1989 anamwino aphunzitsa makolo, ngakhale okhala m'zisakasa, ndipo ana ambiri akulira kwao ndi kampope pakhosi.

Tsono musaturuke m'cipatala musanaphunzire ndi manja anu. Kupenya kokha sikukwana ai. Aphunzire anthu awiri kapena atatu, mai, bambo ndi wina wolera mwana, pakuti mai angadwale, ndipo bambo angakhale ku nchito. Pemphani namwino kuti muyamwe makhololo ndi kusintha kampope inu nomwe, iye alikupenya, kufikira manja aleke kunjenjemera. Pemphaninso coyamwira coponda ndi phazi kapena ca m'manja, cifukwa magetsi azima ndi m'tauni momwe.

Zizindikiro za kutsekeka nazi: mwana apuma mwaphokoso, nthiti zilowa m'kati, apalapata, milomo isandulika yotuwa. Pamenepo yamwani makhololo msanga. Kacubu koyamwira kakakana kulowa, musataye nthawi: cotsani kampope kotsekekako, ikani kena, ndipo mutatero thamangani ku cipatala. Cotero kulikonse mwana apita, ngakhale kumunda kapena kucigayo, pazikhala kathumba ka timipope tiwiri, kena kolingana ndi kamene ali nako, kena kocepa pang'ono, pamodzi ndi tizingwe ndi lumo.

Tizingwe ta m'khosi mumange kuti cala cimodzi cokha cilowe pansi pace. Potisintha mukhale awiri, wina agwire kampope, wina amange. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo pukutani pabowo tsiku ndi tsiku ndi madzi owiritsa atazizira.

Kumbukirani kuti mphuno ndiyo isefa mpweya ndi kuunyowetsa, koma mwana uyu mpweya wace sudzera m'mphuno. Msungeni kutali ndi utsi wa m'khichini ndi pfumbi la posesa. Cingani pabowo ndi kansaru kopyapyala. Mumwetseni madzi okwanira kuti makhololo asaume. Msambitseni m'madzi osaya, ndipo kumtsinje asasewereko, pakuti madzi alowa m'mapapo mosatsekereza. Pobereka, nsaru isaphimbe khosi. Usiku agone pafupi ndi inu, cifukwa ambiri a ana otere alira popanda mau.

Ana ambiri adzacotsedwa kampope kholingo likakula kapena likapola, koma tsiku lace achula dotolo yekha. Kufikira pamenepo, inu anansi, musalisiye lokha banja lotere. Mmodzi wa inu aphunzire nao, kuti mai apeze usiku wina wakugona tulo.