Kamera ya pageti si ya bambo okha

Amalonda anzathu ndi madalaivala, tiuzane zoona pa makamera a wifi amene tikugula ku Johannesburg ndi ku Kariakoo n'kukamanga kunyumba. Ambirife app timaiika pa foni yathu yokha, password n'kuisunga mumtima. Mayi a kunyumba, amene amagona m'nyumbamo usiku uliwonse, saona kanthu. Ndiye kamerayo ikulondera ndani?

Wakuba akalumpha mpanda 2 koloko usiku, uthenga umapita pa foni ya munthu amene ali pamzere ku Beitbridge kapena ku Kasumbalesa, kapena ali pakati pa Zobue ndi Cuchamano atazimitsa data poopa mtengo wa roaming. Adzauona kutacha, katundu atapita kale. Amene akanakuwa, kudzutsa oyandikana nawo kapena kuimbira apolisi ali m'tulo, foni yawo ili zii.

Ena amati akapereka password, anthu asokoneza zinthu. Chifukwa chimenecho n'chopanda mutu. Tapo, Ezviz ndi Hik-Connect onse ali ndi poti share. Mayi amatsegula akaunti yawo, inu n'kuwalola kuona kamerayo, umwini n'kukhalabe wanu. Password simupereka n'komwe.

Pali vuto linanso limene sitiliganizira. Kamera imamangiriridwa ku akaunti imodzi, ndipo code yobwezera password imapita pa nambala kapena email imene munalembetsa. Foni ikabedwa ku Musina, kapena nambalayo inali SIM ya ku Joni imene munataya kalekale, banja lonse latsala ndi chidole pakhoma. Choipa koposa ndi pamene mnyamata amene anadzamanga analembetsa pa akaunti yake. Ameneyo akuona bwino lomwe tsiku limene galimoto yatuluka. Muuzeni aichotse pa akaunti yake inu mukuona, muilembetse nokha.

Koma tisazembe, ena sitigawana dala, chifukwa kamerayo sitinaigulire akuba. Tinaigulira mayi, kuti tidziwe wabwera ndani, atuluka nthawi yanji. Ena afika poibisa pabalaza osauza aliyense, ngakhale mtsikana wantchito. Kumeneko ndi kuzonda, akuluakulu, ndipo ife tikukana. Mungalole kuti m'kabini ya thiraki mukhale kamera yoti mayi aziona usiku wonse muli ku Tete?

Musananyamuke ulendo uno, khalani pansi ndi mayi, ikani app pa foni yawo, tulukani pageti muone ngati uthenga ukufika. Asonyezeninso mmene angayatsire router magetsi akabwera, ndipo muwasiyire ya bundle.