Bornite ndi mkuwa, si mankhwala a nkhawa

Pa Instagram ndi TikTok pali masamba ogulitsa mwala wonyezimira, wa mitundu ya buluu, pepo ndi golide. Amati ukauika m'thumba kapena pansi pa pilo umabweretsa chimwemwe, umachotsa nkhawa, ndipo umawongola ma chakra ako onse. Dzina lake ndi bornite, koma ogulitsa amakonda kuutcha peacock ore chifukwa umawala ngati nthenga za pikoko. Ine ndikuti zimenezi ndi bodza la malonda, ndipo ife amene tinapita kusukulu sitiyenera kulichitira manyazi.

Mwalawo pawokha ndi wabwino. Muli mkuwa, ayironi ndi sulufule, ndipo mkuwa ndi pafupifupi 63 peresenti ya kulemera kwake. N'chifukwa chake umakumbidwa m'migodi ya mkuwa, kuphatikizapo ku Copperbelt ku Zambia. Ukauswa, mkati mwake ndi mofiirira ngati mkuwa. Mitundu yokongola ija imabwera mpweya ukakhudza pamwamba pake. Tinene mosapsatira: "mphamvu" imene anthu akulipirayo ndi mtundu wa dzimbiri. Choseketsanso n'chakuti miyala yambiri yogulitsidwa ngati peacock ore si bornite n'komwe, koma chalcopyrite, mwala wina wa mkuwa, womwe amauviika mu asidi kuti uwale kwambiri. Ngati mwalawu ulidi ndi mphamvu yake yapadera, bwanji ogula sazindikira kuti apatsidwa wina?

Nanga "nzeru za makolo akale" zimene amatiuza? Dzina loti bornite linaperekedwa mu 1845 ndi Wilhelm Haidinger, polemekeza Ignaz von Born, katswiri wa miyala wa ku Austria. Anthu amenewa ankafuna mkuwa, osati chimwemwe. Mchitidwe wogawira mwala uliwonse ntchito yake m'maganizo a munthu unafala ndi gulu la New Age ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo mawu oti chakra anangowabwereka ku India kuti malondawo amveke akale.

Nkhaniyi inayesedwapo. Mu 2001, Christopher French wa ku Goldsmiths ku London anapatsa anthu 80 miyala kuti aigwire akusinkhasinkha. Ena analandira quartz weniweni, ena galasi chabe. Magulu onse awiri ananena kuti anamva kutentha ndi kunyerenyetsa m'manja mofanana. Chinagwira ntchito ndi zimene anawauza asanagwire mwalawo.

Wina anena kuti, "Ngati munthu akumva bwino, vuto n'chiyani?" Pa munthu amene akungofuna chokongoletsera shelefu, palibe vuto, agule. Koma onani amene malondawa amawasaka: wosagona tulo chifukwa cha fizi, womaliza digiri amene wakhala zaka ziwiri osapeza ntchito, wosweka mtima. Kuvutika maganizo ndi matenda, ndipo anthu amafa nako. Mwala sungakufunse ngati wadya, sungazindikire kuti wayamba kulankhula zodzipha. Mwezi umene munthu akudikira kuti bornite igwire ntchito ndi mwezi umene sanapite kwa dokotala kapena kwa mlangizi. Ndipo zikakanika, mlandu amaupereka kwa wodwalayo: sunautsuke bwino mwalawo, sunakhulupirire mokwanira. Palinso ena amene amaviika miyala m'madzi n'kumwa. Ndi mwala wa mkuwa ndi sulufule, woti mwina unadutsanso mu asidi, zimenezo si zoyesera.

Chimandinyansa kwambiri ndi chinyengo chathu. Timaseka agogo akamangirira mwana chithumwa m'khosi, timati ndi umbuli. Koma chithumwa chomwecho chikabwera m'kabokosi kokongola, ndi mawu a Chingerezi onena za ma vibration, chikulipiridwa ndi khadi, timachiika pa status. Agogo sananamizire sayansi. Ogulitsawa amainamizira, ndipo amadziwa kuti ogula awo ambiri anakhoza Chemistry pa MSCE.