Maginito Angathetse Ululu wa Mankhwala a Khansa?

Munthu wochira khansa kawirikawiri amatuluka m'chipatala ndi bvuto lina. Mankhwala amphamvu onga vincristine, paclitaxel ndi oxaliplatin, pamene akupha nthendayo, amaononganso mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, kotero kuti zala zimachita dzanzi kapena kutentha ngati moto. Mphunzitsi amalephera kugwira choko, ndipo kalaliki amalephera kugwira cholembera. Kafukufuku wosindikizidwa m'chaka cha 2014 anaonetsa kuti odwala 68 mwa 100 amamva zimenezi m'mwezi woyamba atatsiriza mankhwala, ndipo 30 mwa 100 amabvutikabe patapita miyezi isanu ndi umodzi. Bungwe la madokotala a khansa la ku America, ASCO, m'chaka cha 2020 linabvomereza mankhwala amodzi okha ochepetsera ululuwu, duloxetine, ndipo thandizo lake nlochepa.

Nchifukwa chake maso a madokotala atembenukira ku makina a maginito, amene Anthony Barker ndi anzake anawaonetsa koyamba ku Sheffield m'chaka cha 1985. Waya wokulungiza amaikidwa pamutu, ndipo mphamvu ya maginito imadutsa chigaza nkudzutsa mbali ya ubongo yolamulira kuyenda kwa ziwalo, popanda kung'amba thupi. Boma la America linalola makinawa m'chaka cha 2008 pa matenda a kukhumudwa, ndipo akatswiri a ku Ulaya abvomereza kuti amachepetsa ululu wa mitsempha wochokera ku matenda ena.

Komabe anthu asathamange ndi nkhaniyi. Pa ululu wobwera ndi mankhwala a khansa, odwala amene ayesedwa ngochepa, ndipo mpumulo wake umazilala ngati wodwala sabwererako kawirikawiri. Makinawo ngokwera mtengo, amafuna anthu ophunzira bwino, ndiponso sayenera munthu wokhala ndi chitsulo m'mutu.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi, pakuti vincristine ndi paclitaxel ndiwo ena mwa mankhwala operekedwa kwa odwala khansa ya Kaposi. Chofunika lero nchakuti wodwala auze dokotala msanga dzanzi likangoyamba, pakuti dokotala angathe kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala mitsempha isanaonongeke kwambiri. Aphunzitsi ndi anchito a Boma, amene mau ao amamveka kumudzi, afalitse zimenezi, ndi kuchenjeza abale kuti wosiya mankhwala payekha chifukwa cha ululu akuika moyo wake pachiswe.