Ma App Aulere: Kodi Akulipira Ndani?

M'komboni ya Bauleni foni ya smartphone siilinso cinthu ca olemera okha. Ili m'manja mwa amai ogulitsa ndiwo pa msika, makondakitala a mabasi opita ku tauni ndi alimi a madimba a m'mbali mwa mseu wa Leopards Hill. Munthu wamkulu akangogula foni, mwana kapena mdzukulu amaitenga n'kuidzaza ndi mapulogalamu ochedwa ma app, uku akunena kuti onsewo ndi aulere. Ena mwa mapulogalamuwa ndi othandizadi. Koma tiyenera kufunsa kuti ulere umenewu ndi wotani, ndipo pomaliza akulipira ndani.

Dziko lathu linaona nkhaniyi msanga. Mu Julayi 2014 kampani ya Facebook inasankha Zambia kukhala dziko loyamba kulandira app yake ya Internet.org, imene pambuyo pake inachedwa Free Basics. Mogwirizana ndi Airtel, anthu ankatha kuwerenga za nyengo, za umoyo ndi zofuna nchito popanda kulipira. Koma munthu ankangoona masamba amene kampaniyo inasankha. Mu 2016 dziko la India linaletsa dongosolo lotere ponena kuti kampani imodzi siyenera kusankhira anthu osauka zoti aziona pa intaneti. Phunziro lake ndi lakuti wopereka caulere amakhalanso ndi cake cimene akufuna.

Mtengo woyamba ndi bundle. App yaulere simuigula, koma kuikopera ndi kuigwiritsa nchito kumadya bundle. Mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook amatha bundle mofulumira kuposa mauthenga olembedwa, ndipo WhatsApp imakopera yokha zithunzi zonse za m'gulu ngati simunaiuze kuti ileke. Ndalama imene ikanagula makala kapena kapenta imathera pa mavidiyo amene simunapemphe.

Mtengo waciwiri ndi malaiti. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Anthu ambiri ankalipira kuti acajitse foni. Foni yodzala ndi ma app imatha moto msanga.

Mtengo wacitatu ndi wobisika: mbiri yanu. Ma app ambiri amapeza ndalama pokuonetsani malonda, ndipo kuti atero amafuna kudziwa kumene muli ndi zimene mumakonda. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act ya 2021, koma lamulo silingakugwireni cala pamene mukudina mau ovomereza osawawerenga.

Tsono ndi ati amene ali oyenera malo m'foni? Muyeso wabwino ndi uwu: app ikupatseni cinthu cimene mukanacilipira, ndipo ngati n'kotheka izigwira nchito popanda intaneti.

Kwa mlimi, citsanzo ndi PlantVillage Nuru, yopangidwa ndi yunivesite ya Penn State ku America mothandizana ndi mabungwe a zaulimi monga IITA ndi FAO. Mumaloza kamera pa tsamba la cinangwa kapena la cimanga, ndipo imakuuzani ngati pali matenda kapena mbozi za fall armyworm, zimene zinalowa m'minda yathu kumapeto kwa 2016. Ikakoperedwa imagwira nchito ngakhale kumunda kopanda netiweki. Plantix nayo imazindikira matenda a tomato, cimanga ndi mbewu zina kucokera pa cithunzi, koma imafuna intaneti. Muno m'Zambia acinyamata anapanga AgriPredict pambuyo poti kambozi ka Tuta absoluta kasakaza tomato mu 2016. Komabe app imaona tsamba limodzi, siona munda wonse. Musanagule mankhwala okwera mtengo, onetsani mlangizi wa zaulimi zimene foni yanena.

Kwa akhristu a m'parishi ya St Matthias Mulumba ndi a mipingo ina, app ya Baibulo ya YouVersion ili ndi Malembo m'cinenero cathu, ndipo mabuku ambiri mungawakopere kamodzi n'kumawerenga popanda bundle. Mungakulitsenso zilembo, cimene ndi thandizo lalikulu kwa okalamba a maso ofooka. WhatsApp ndiyo yafewetsa nchito ya mphakati: uthenga wa maliro, wa odwala kapena wa msonkhano umafika kwa onse nthawi imodzi, ndipo wosadziwa kulemba amatumiza mau. Mlimi wa ku Chongwe angathe kufunsa mnzake ali pa msika wa Soweto mtengo wa bokosi la tomato asanalipire galimoto.

Koma tisaike zonse m'dengu la foni. Pa tsiku la masankho, 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko muno mpaka khoti lalikulu linalamula kuti zitsegulidwe. Foni imabedwanso, imagwera m'madzi. Gulu la cilimba kapena la village banking lisasiye buku lake la pepala.

Oopsa kwambiri ndi ma app a ngongole. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Amalonjeza ndalama m'mphindi zocepa popanda cikole, koma ambiri ndi kaloba yemweyu wavala suti. Cikole cawo ndi ulemu wanu: amapempha kuona manambala onse a m'foni, ndipo mukacedwa kubweza amatumiza mauthenga kwa apongozi, abwana ndi akulu a mpingo. Vutoli linakula m'maiko ambiri moti mu 2023 kampani ya Google inaletsa ma app a ngongole a pa Play Store kuona manambala ndi zithunzi za anthu. Koma app imene mwatumiziridwa ndi munthu pa WhatsApp siidutsa pa cipata cimeneco. Bank of Zambia imasindikiza maina a mabungwe a zacuma amene inawapatsa cilolezo. Yang'anani pamenepo musanabwereke.

Mobile money nayo si yaulere. Kuwonjezera pa zimene kampani imadula, kuyambira Januwale 2024 boma linaika msonkho pa ndalama zotumizidwa kwa munthu wina. Ndipo palibe wanchito weniweni wa kampani ya foni amene angakufunseni PIN yanu. Nambala ya wakuba wotere mungaineneze ku ZICTA poimba *707#.

Nchito yatsala kwa ife. Mphakati uliwonse uli ndi acinyamata odziwa foni, ndipo makopaletivu a alimi amakumana kawirikawiri. Patulani theka la ola pambuyo pa msonkhano: acinyamata athandize makolo kucotsa ma app osafunika, kutseka kukopera mavidiyo kosapempha, ndi kuona kuti app iliyonse yapatsidwa cilolezo cotani. Tochi ya pa foni ilibe cifukwa codziwira manambala a abale anu. Safunsa anadya phula. Ma app atatu kapena anai amene mukuwamvetsa adzakupindulitsani kuposa makumi atatu amene akudya bundle yanu usiku inu muli mtulo.